Kabatani Kamene Kankadzikanikiza Kokha

Ine sindinapondepo m'kalasi, koma manambala ndimawadziwa. Munthu amene wagulitsa mazira zaka makumi atatu simungamupusitse pa nambala. Zilembo ndiye ayi, kwa ine ndi nyerere zosokera basi. N'chifukwa chake m'galimoto ya mwana wanga wachisamba, chinthu chokha chimene ndinkatha kuwerenga chinali timanambala tija ta kuseri kwa chiwongolero, mkati mwa kagalasi.

Manambalawo alipo a mitundu iwiri. Pamwamba pali aatali, osonyeza mtunda wonse umene galimoto yayenda chiyambire. Amenewo mutu wanga suwasunga. Pansi pali aafupi, ndipo pambali pake pali kabatani kakuda, kotulukira pagalasi ngati kamtengo ka machesi. Ukakakanikiza n'kukagwira kanthawi, manambala aafupiwo amafufutika, n'kuyambiranso pa ziro. Mwana wangayo ndi kalipentala, shedi yake ili kuseri kwa nyumba, ndipo galimoto saiyendetsa kawirikawiri. Koma Lamlungu lililonse amapita kukaimwetsa mafuta, akabwera n'kukanikiza kabataniko pageti pomwepo, chifukwa muvi wosonyeza mafuta unafa kalekale. Amati manambala aafupi ndiwo amamuuza kuti thanki yatsala pang'ono kuuma.

Woiyendetsa masiku onse ndi mwana wake wamkazi, mdzukulu wanga wamkulu. Tinamutcha Kadziwotche akukwawa, chifukwa ankati akaona nyali yoyaka, basi liwiro lokaigwira. Anakula, nakwatiwa ndi mwamuna amene dzina lake silitchulidwa m'nyumba mwathu. Chaka chatha anabwerako ali ndi kamwana kumsana, diso litatupa, dzino limodzi kulibe. Mayi ake anatisiya kalekale, ndiye amene anamusambitsa tsiku limenelo ndine. Ndinaona pamsana pake zimene bambo ake sanaone, ndipo sindinamuuze mwana wangayo mpaka lero.

Atachira anapeza ntchito kufakitale yosoka mayunifomu, kutsidya kwa tawuni. Kupita ndi kubwera ndi makilomita 16. Kumene amakhala mwamuna uja ndi kutali, makumi asanu kupita kokha. Ndiye muone mmene ndinkaganizira: manambala akamakwera ndi 16 tsiku lililonse, mwana ali bwino. Akadzangodumpha, ndiye kuti wayambiranso kulondola nyali.

Musandiweruze msanga. Ine ndaona akazi ambiri akubwerera. Mwamuna womenya amadziwa kupepesa kuposa mmene m'busa amadziwira kupemphera. Amabwera ndi tinsapato ta mwana m'pepala, misozi ili chuchuchu, mkazi n'kuiwala dzino lake. Mng'ono wanga wa bere limodzi anabwerera katatu. Kachinayi tinakamutenga m'bokosi.

Ndiye ndinkamuchenjeza mdzukulu wangayo m'mawa uliwonse.

"Mkazi mnzanga, manga lamba. Usatsitse galasi pamaloboti. Munthu akakuimitsa panjira, ngakhale atanyamula khanda, usaime. Nambala yachilendo ikaimba usayankhe."

"Ndamva agogo. Nanga ndikakumana ndi njovu?"

"Usandiseke iwe, ndinakusintha matewera ine."

Iye akamamwa tiyi, ine ndinkatenga beseni la madzi a sopo otsala potsuka mbale, ndi kansanza, n'kupita kugalimoto. Utuchi wa kushedi umalowa paliponse, ndiye ndinkati ndikupukuta magalasi kuti mwana aziona njira. Ndinkapukutadi. Koma ndikamaliza galasi lalikulu lakutsogolo, ndinkapotoza kiyi kamodzi monga ndinaonera kwa iwo, timagetsi n'kuyaka. Kenako ndinkafinyira madzi pa kagalasi ka manambala, chifukwa maso anga ali ndi ng'ala, kafumbi kochepa kamandibisira zonse. Ndinkatikita mpaka kagalasiko kalire kuti tswii, ndiye n'kuwerenga. Lachiwiri 16. Lachitatu 32. Lachinayi 48. Mtima pansi, tsiku layamba.

Ndinachita zimenezi miyezi isanu ndi iwiri popanda wodziwa.

Lachinayi lina, m'malo mwa 48, ndinapeza 2.

Ndinapukutanso. Anali 2 yemweyo, atakhala phee ngati bakha pamadzi. Sindinauze munthu. Sabata yotsatira zinayenda bwino mpaka Lachisanu, pomwe ndinapezanso 2. Tsiku lina ndinapeza 14, nambala yosadziwika mutu wake. Kenako 2, masiku awiri otsatizana. Ndinkadziuza kuti manambala sabwerera m'mbuyo okha, pali chala chimene chikukanikiza kabatani kaja. Ndipo munthu safufuta mapazi ake ngati akuchokera kutchalitchi.

Mtima ukayamba kukayika, maso amatola chilichonse. Foni yake ikalira, ankatulukira kukhonde. Lachinayi lina anachoka atavala bulauzi yoyera imene savala kuntchito, nabwera mochedwa, n'kuti magalimoto anachuluka pamsewu. M'mawa mwake, 2.

Ndinazisunga mumtima masabata atatu, mpaka magazi anayamba kuthamanga. Lolemba masana ndinapita kushedi. Ndinamupeza mwana wanga akupala thabwa, ndipo ndinamuuza kuti manambala ndimawaona ndikamapukuta magalasi, ndi zimene ndakhala ndikupeza.

Anaimika ntchito. "Nanenso ndinadabwa Lamlungu. Ndimayesa ndine ndasokoneza."

"Uyankhule naye mofatsa. Usakalipe, wamva? Mwana wovulala sakalipiridwa."

Koma mawu a mwana wanga ali ngati sowo yake, sadziwa kudula mwakachetechete. Madzulo tili patebulo, kamwana kali pamiyendo panga, anaika supuni pansi.

"Iwe, ukumapita kuti ndi galimoto yanga?"

"Kuntchito, adadi."

"Nanga manambala ukufufutiranji?"

"Manambala ati?"

"Usandiyese mwana. Agogo akowa akhala akuona m'mawa uliwonse. Ukayandikira kunyumba kuno umaima n'kukanikiza kabatani. Wayambiranso kupita kwa chigawenga chija eti?"

Kadziwotche sanawayang'ane bambo ake. Anayang'ana ine. Bola akanalira, kapena kutukwana kumene. Anangondiyang'ana, lilime likukhudza pamene panali dzino paja, monga amachitira akamaganiza.

"M'mawa uliwonse, agogo?"

"Ndimaopa, mwana wanga."

"Ine ndimayesa mumandipukutira magalasi."

Ndinasowa poyang'ana. Ndinayamba kupukuta kamwana pakamwa, pomwe panalibe chopukuta.

"Kabatani kameneko sindinakagwirepo," anatero, mawu ali pansipansi. "Koma sindilumbira. Kumene ndinachoka kuja, munthu ankandiwerengera mphindi ndikapita kumsika. Ankanunkhiza zovala zanga. Sindinathawe kumeneko kuti ndidzawerengeredwe makilomita kuno. Mnzanga wa kuntchito ali ndi chipinda chopanda munthu. Loweruka ndisamuka ndi mwana wanga. Makiyi anu awa."

Anawaika pambali pa mchere.

"Nanga Lachitatu agogo ako apita bwanji kuchipatala?" anafunsa bambo ake, mawu atayamba kale kuchepa.

"Ndidzawaperekeza. Ukhala ulendo womaliza."

Lachiwiri anakwera basi, nabwerako ndi makatoni atatu opanda kanthu. Ndinkamva selotepi ikulira kuchipinda kwake, kwee, kwee, ngati akusenda khungu langa. Chipinda cha mnzakecho sindinachionepo, koma m'maganizo ndinkachiona bwinobwino: chitseko chopyapyala, loko wogula pamsika, mulibe bambo, mulibe nkhalamba yomva tsamba likagwa pabwalo. Mwamuna uja akanangomva kuti ali yekha, sabata siikanatha. Ine amene ndinkafuna kumutchingira, ndine amene ndinamukankhira panja.

Lachitatu m'mawa beseni sindinaligwire. Kamwana tinakasiya kusukulu ya mkaka ya pafupi ndi kwathu. Ndinakhala kumbuyo, pakati, malo anga a masiku onse, chifukwa mpando wakutsogolo ndiwo umayamba kufika pangozi. Za lamba sindinanene, anamanga yekha. Koma maso anga, poti anazolowera, anapita okha pa kagalasi kaja, kudzera kunsi kwa mkono wake. Pageti panali 16, ya Lolemba ija. Tikudutsa sitolo ya matayala, 17. Tikuyandikira njanji, 18.

Pamene msewu wathu umadutsa njanji ndi pokumbika, zitsulo zinatulukira pamwamba, galimoto iliyonse imagwada pamenepo. Kadziwotche anachepetsa liwiro, manja onse awiri ali gwa pachiwongolero. Matayala akutsogolo, gudu. Akumbuyo, gudu. Ine ndikuyang'ana ndi maso angawa, 18 uja anaphethira kamodzi, kawiri, n'kuzimirira. Panatsala ziro.

"Ima! Ima, ima!"

"Agogo, panjanji?"

"Usaime panjanji wamisala iwe, dutsa kaye! Eya, tsopano ima!"

Anaimika pambali, natembenuka. "Mwatani? Ndi mutu?"

"Manja ako anali pati?"

"Pachiwongolero. Mwayambiranso?"

"Taona manambalawo."

Anayang'ana. Ine m'mutu ndinali nditabwerera pa mazira anga. Kuchokera pageti pathu kufika panjanji ndi 2. Akafufutika madzulo pobwera, m'mawa ndipeza 2. Akafufutika m'mawa popita, pa 16 kuchotsapo 2, atsala 14. Manambala onse amene anandidwalitsa aja ankaloza malo amodzi omwewa, ine n'kumaloza mwana.

"Ndi njanji," ndinatero. "Mkazi mnzanga, ndi njanjiyi."

"Ine ndinanena kale kuti si ine." Analiza galimoto. "Tiyeni, muchedwa pamzere."

Kuchipatala nesi anandimanga mkono kawiri poyeza kuthamanga kwa magazi, n'kufunsa ngati ndabwera wothamanga. Titatuluka ndinamuuza Kadziwotche kuti andiimbire bambo ake, foni n'kundipatsa. Ndinamufotokozera mwana wangayo zimene ndinaona.

"Amayi, maso anuwo si omwe munathira nawo mchere m'tiyi sabata yatha?"

"Maso omwewo unawakhulupirira Lolemba. Vula epuloni, utipeze kwa a Fyuzi."

A Fyuzi ndi wamagetsi a galimoto, dzina lawo lenileni sindinalimvepo. Galaja yawo ndi kontena yakale yokhala ndi denga la malata patsogolo, kuseri kwa malo omwetsera mafuta. Mkatimo mawaya a mitundu yonse ali lende pamisomali ngati matumbo kubutchala, mabatire ali mbwee pansi, ndipo pawindo pali wayilesi yopanda chivundikiro koma yoyimba bwinobwino. Ndinakana kukhala pafupi ndi mabatire, zimaphulika zimenezo. Anandiikira mpando wa galimoto ina yakufa pamthunzi, pamalo poti ndizitha kuona zonse.

Mwana wanga anafika panjinga, utuchi uli pachipewa, n'kuyamba kulongosola iyeyo. A Fyuzi anakweza dzanja.

"Pepani bwana. Anaona ndani?"

"Ine," ndinatero.

"Ndiye ayankhule amene anaona."

Ndinawauza za 2, za 14 ndi za njanji. Anamvetsera mutu uli pambali ngati nkhuku yomva mphamba.

"Agogo, mukanakhala wa zaka zochepa bwenzi nditakulembani ntchito. Anthu amabwera pano n'kungoti yawonongeka, ngati ndine wolosera. Koma tisathamange. Manambala amenewa amafufutika pa zifukwa ziwiri: kabatani kakanikizidwa, kapena magetsi athawa kamphindi. Tiyambe ndi magetsi." Anatembenukira kwa Kadziwotche. "Achemwali, wotchi ya m'galimotomu imataya nthawi? Wayilesi imaiwala masiteshoni?"

"Ayi."

"Ngakhale tsiku limodzi?"

"Ngakhale limodzi."

"Ndiye magetsi sakuthawa. Akanathawa, zonse zikanaiwala limodzi ngati anthu ochokera kumowa."

Anatsegulabe boneti, nagwedeza mitu ya batire ndi dzanja kuti atsimikize. Inali yolimba. Kenako anakhala pampando wa dalaivala n'kupotoza kiyi. Kuchokera panjanji paja tinali titayenda 9. Anagwira kabatani ndi zala ziwiri, nakakhudza pang'ono chabe, n'kusiya.

"Mwaona bwana? Kabatani kabwino ukakasiya kamadumpha, kuti tha! Aka kakubwerera ngati munthu woitanidwa ndi apongozi. Tsopano tipange njanji yathu pompano. Aliyense aone kuti sindikukagwira."

Ndinadzuka n'kukasuzumira pawindo. Anamenya pamwamba pa dashibodi ndi chikhatho, pha! Palibe. Pha, kachiwiri. Palibe. Mwana wanga anayamba kundiyang'ana cham'mbali, ine n'kumaopa kuti kanthu kameneka kandichititsa manyazi pamaso pa anthu. Pha, kachitatu. 9 uja anaphethira, n'kupita.

Mwana wanga anavula chipewa, nachivalanso. Anayang'ana mwana wake, koma iye ankayang'ana malata.

"Wakuba tamuona," anatero a Fyuzi, "koma amene anamutuma sitinamudziwe."

Anamasula tizomangira tinayi kuti asolole bokosi lonse la manambala ndi mivi yake. Ndinawachenjeza kuti achotse kaye waya wa batire. Anati achotsa kale. Ndinati akaonenso. Anapita kukaonanso, munthu waulemu. Bokosilo analitulutsa ngati akuvula galimoto nkhope, naliika patebulo n'kulitsegula. Kamtengo kakuda kaja kanali kakatali kuposa mmene kamaonekera kunja, ndipo kumapeto kwake kankagunda kanthu kakang'ono ngati njere ya mpunga, komata pa kabolodi kobiriwira.

"Iyi ndiye switchi yeniyeni. Chakunjachi ndi chala chake chabe." Anatenga mita yawo yachikasu ya zingwe ziwiri, chofiira ndi chakuda. "Mita iyi imalira magetsi akapeza njira. Switchi yabwino imailiza pokhapokha waikanikiza."

Anagunditsa nsonga za zingwezo pa kanthu kaja. Zii. Anagogoda tebulo ndi bondo. Piiii! Osasiya. Ndinawerenga mumtima mpaka kasanu isanaleke.

"Mwamva? Ikudzikanikiza yokha, ndipo ikugwira nthawi yokwanira kufufuta."

Anasolola kamtengo kaja, nakayang'ana padzuwa, nakapala ndi chikhadabo. Panachoka zoyera zouma, zosakanikirana ndi utuchi. Pa switchi panali zobiriwira zangati ndere. Ananunkhiza chala. Ananunkhizanso.

"Mandimu," anatero. "Uyu ndi sopo wotsukira mbale. Wakhala akutsikira pa kabowo ka kabataniki, osati kamodzi kapena kawiri ayi. Wamata kamtengoka kuti kazikhala kolowa theka, madzi n'kudya switchi. Galimoto ikangogunda chinthu, zotsalazo zimadzimalizira zokha. Ndani amasambitsa dashibodi ngati khanda?"

Wayilesi ija inkangoyimba. Ndinayang'ana zala zanga, zimene zinkanunkhira mandimu omwewo.

"Ndine," ndinatero. "Miyezi isanu ndi iwiri. Ndinkafuna ndiziona bwino."

A Fyuzi anatsokomola, n'kuyamba kufunafuna m'kabati chinthu chimene sichinatayike. Amene anayamba kuseka ndi Kadziwotche. Zinayamba ngati chifuwa, kenako anagwira chitseko cha kontena, misozi ikutsika, mpata wa dzino uja uli poyera, umene amaubisa ndi dzanja masiku onse.

"Agogo! Ndiye wapolisi ndinu, wakuba ndinu, mboni ndinunso?"

"Khoswe wakhala pamkhate," anatero bambo ake, akupukusa mutu. "Timupha bwanji ameneyu?"

"Seka bwino iwe, ungatsamwe," ndinatero. Koma thupi langa linali litapepuka ngati ndatula mtolo wa nkhuni zonyowa. Manyazi analipo, eya, koma manyazi sapha munthu. Chimene ndinkaopa chija ndicho chimapha.

A Fyuzi anatsuka kamtengo kaja ndi mankhwala opopera. Switchi yodyekayo anaichotsa ndi chitsulo chamoto, n'kuwotchererapo ina imene anaitenga m'bokosi la galimoto yakufa. Anayesanso ndi mita. Akakanikiza, pii. Akasiya, zii. Anagogoda tebulo ndi bondo katatu, mita osayankha. Atabwezera zonse m'malo mwake anandiitana kuti ndikanikize ndekha. Kabatani kanadumpha pansi pa chala changa, kuti tha!

"Kuyambira lero, kansanza kouma, agogo. Kouma ngati m'thumba mwanga."

Akutuluka m'galimotomo, anagunda kakhadi kamene kankalendewera pambali pa chiwongolero, kaja amalembapo akasintha oyilo. Anakayang'ana, n'kuyang'ana ife atatu.

"Bwana, ndinene chilungamo, poti ndaona kuti nkhaniyi si ya switchi yokha. Chimene ndapeza chikusonyeza kuti achemwaliwa sanafufute kanthu. Kumene galimoto inapita, mita yanga singanene. Koma manambala aataliwa safufutika. Pakakhadi apa analemba amene analipo mwezi watha, ndi tsiku lake. Ndi kungochotsera basi, mudziwa mtunda wonse."

Mwana wanga anasolola pensulo yake ya kukhutu. Ndi kalipentala, akaona nambala dzanja limamuyabwa. Kadziwotche analeka kuseka. Anangopinda manja, lilime lili pa dzino paja.

Ndikuuzeni zoona, nanenso ndinkaifuna nambala imeneyo, ngati mmene khanda limafunira bere. Lachinayi la bulauzi yoyera linali lisanachoke m'mutu mwanga. Akanangondiwerengera kamodzi, ndikanachotsera ndekha pensulo isanagunde pepala. Koma ndinaona nkhope ya mwanayo. Inali yomweyo ya Lolemba, pamene ankaika makiyi pambali pa mchere.

Ndinafika pa kakhadiko mwana wanga asanafike. Ndinakamasula, n'kukaika m'manja mwa Kadziwotche.

"Sunga iwe. Woyendetsa ndiwe." Ndinatembenukira kwa bambo ake. "Iwe bweza pensulo kukhutu."

"Amayi, ndi kungoona chabe."

"Taona zokwanira. Kuona kwanga n'kumene kwatifikitsa pano."

Anaima pang'ono, pensulo ili m'mwamba. Kenako anaibweza. Anayandikira mwana wake, nakanda m'mutu utuchi n'kumagwa.

"Ndinalakwa kukukalipira, mama."

"Ndamva, adadi."

Sananene zambiri, ndipo ine sindinamukakamize. Bambo ake anatsogola panjinga, ife tinatsatira pagalimoto. Ndinakhala malo anga a pakati, koma maso ndinawaika pawindo, n'kumawerenga mitengo ya magetsi kuti asapite kumene anazolowera. Tinafika panjanji. Gudu, gudu.

"Simukuyang'ana, agogo? Akadalipo. Sanafufutike."

"Sindinafunse."

Tinayenda pang'ono. Tikudutsa sitolo ya matayala, anayankhula osatembenuka.

"Lachinayi lija ndinapempha kuweruka masana, ndinapita kukhoti. Lili kuseri kwa fakitale yathu komweko. Ndinakasiya mapepala othetsa ukwati. Foni zija amaimba ndi mayi amene akundithandiza pa mlanduwo. Ndimafuna ndidzakuuzeni zonse zitatha."

Ndinagwira mpando wake ndi manja awiri. Mawu ambirimbiri anatuluka nthawi imodzi.

"Nanga iyeyo akalandira mapepalawo? Abwera ameneyo! Uuze bambo ako asinthe loko wa pageti lero lomwe. Kusukulu ya mkaka uwauze asapereke mwana kwa munthu wina aliyense, ngakhale atabwera ndi maswiti. Tsiku la mlandu usapite wekha, tipita tonse, ine ndikhala kutsogolo."

"Mwaona? N'chifukwa chake sindinakuuzeni. Bwenzi mwezi wonse musanagone."

"Nanga ndagona?"

Anaseka pang'ono. Tinalowa pageti, nazimitsa galimoto. Sanatsike msanga, inenso sindinatsike. Funso linali limodzi, ndipo ndinkaliopa kuposa njanji.

"Nanga Loweruka, mkazi mnzanga?"

Anatulutsa makiyi, nawayang'ana, n'kuwaika m'chikwama chake, osati pambali pa mchere.

"Loweruka ndichapa. Zovala zonse zakwinyika m'makatoni muja." Anandiyang'ana pagalasi loonera kumbuyo. "Koma makatoniwo sinditaya, agogo. Ndiwapinda, ndiwaika pansi pa bedi. Ndikadzakuonaninso pagalimoto pano ndi beseni, mudzamva selotepi."

"Ndamva."

"Mukafuna kudziwa kumene ndapita, muzifunsa ine. Pakamwa ndili napo, dzino limodzi lokha ndi limene kulibe."

Madzulo amenewo ndinamuthandiza kudula selotepi ndi mpeni wa kukhitchini, ndikumuchenjeza kuti aziloza mpeniwo kutali ndi mimba. Kamwana kanalowa m'katoni imodzi n'kukana kutuluka, kakuti ndi galimoto yake. Kushedi kunkamveka bambo ake akusaka loko watsopano m'zitini zawo.

M'mawa mwake ndinatsuka mbale, madzi ake n'kukathira pamaluwa. Ndinakaima pageti manja ali kumbuyo, ouma. Galimoto inatuluka chafutambuyo, Kadziwotche natsitsa galasi.

"Nenani agogo, ndikudziwa zakufikani pakhosi."

"Manga lamba."

"Ndamanga."

"Panjanji uzichepetsa liwiro, uyang'ane uku ndi uku."

"Anakonzatu dzulo, agogo."

"Anakonza kabatani. Sitima sanaikonze."